Tsitsi la Luke

Chaka chimene Luke analowa sukulu, foni ya Glory inkalira pafupifupi tsiku lililonse isanakwane 11 koloko. Ankakhala ali pakati pa ntchito m'nyumba ya abwana ake ku Fordsburg, mumzinda wa Joni, manja ali m'thovu la sopo, n'kumva mawu omwe aja: bwerani mudzatenge mwana wanu. Lero wakuwa belu litalira. Lero wagwetsa mipando. Lero wathawa m'kalasi, tam'peza pansi pa galimoto. Glory ankapukuta manja, kupepesa kwa abwana, n'kuyenda chothamanga mpaka ku Mayfair. Kumeneko n'kumene kunali sukuluyo, yaing'ono ya mpingo wina, komanso chipinda chimene ankakhala ndi mwamuna wake Davide, kuseri kwa nyumba ya wamalonda wina wogulitsa nsalu.

Luke anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Madokotala anali atawauza kuti mwanayo ali ndi otizimu, ndiye kuti phokoso, kuwala ndi kukhudzidwa zimamufika mosiyana ndi ana ena, ndipo kulankhula kumam'vuta. Achibale a ku Ntcheu atamva ankanena zawozawo pa foni, ena kuti ndi zamatsenga, ena kuti akumulekerera. Koma Glory ankamudziwa mwana wake: kuti sadya ngati ndiwo zakhudzana ndi mpunga m'mbale, kuti akayamba kugwedeza zala pafupi ndi maso ndiye kuti zinthu zatsala pang'ono kuipa, kuti mutu wake salola munthu kuugwira. Chamumtima ankanyadira kuti m'Joni monse, munthu womudziwa Luke ndi iye yekha.

Chaka chachiwiri kunabwera mphunzitsi watsopano wamkazi, dzina lake Shingai. Anali wa ku Zimbabwe, koma agogo ake anachokera ku Dedza kalekale kukagwira ntchito m'mafamu a fodya, choncho ankalankhula Chichewa chachikale chosakanikirana ndi Chishona. Tsiku loyamba anamuimitsa Glory pageti.

"Ndinu amake Luke? Musathamange, khalani kaye pang'ono. Ndikufuna mundiphunzitse mwana wanu."

Panalibe mphunzitsi amene anali atanenapo mawu otere. Glory anakhala pa kampando ka ana, mawondo ali m'mwamba, n'kufotokoza zonse kwa ola lathunthu: za mbale, za zala, za belu, za mmene Luke amakhalira phee ukamukulunga molimba m'bulangete. Shingai ankalemba. Pomaliza anatulutsa kabuku kachikuto chobiriwira.

"Aka kaziyenda m'chikwama chake. Inu muzilembamo mmene wadzukira, ine ndizilembamo mmene waswerera. Chachilendo chilichonse chikachitika kunyumba, ngakhale chaching'ono, mundiuze. Ndikadziwa, ndimadziwa pomuyambira."

Foni inasiya kulira. Sabata inatha, kenako mwezi. Shingai anamata zithunzi pakhoma la kalasi zosonyeza zimene zichitike tsikulo, chimodzi pambuyo pa chinzake, kuti Luke asamadzidzimuke. Belu likatsala pang'ono kulira ankamupatsa zotseka m'makutu. Pakona anaphimba tebulo ndi bulangete, ndipo phokoso likamukulira Luke ankakalowa yekha pansi pake m'malo mogwetsa mipando. Pofika mwezi wa Meyi anali atayamba kutchula mawu angapo: madzi, ayi, tiyeni.

Glory anasangalala, zimenezo n'zoona. Anakaperekanso umboni kutchalitchi. Koma Lachinayi lina, limene linali tsiku lake lopuma kuntchito, anafika kusukulu ana asanaweruke, n'kusuzumira pawindo.

Luke anali atakhala pansi, atatsamira mwendo wa Shingai. Mphunzitsiyo ankawerengera ana nkhani, buku lili kudzanja limodzi. Dzanja linalo linali pamutu pa Luke, zala zitalowa m'tsitsi, zikukanda pang'onopang'ono. Luke anali atatsinzina.

Glory anangoima pomwepo. Anam'bereka yekha mwanayu, anamuyamwitsa, padzanja pake panali zipsera za mano ake, koma akangoyesa kumugwira mutu ankakuwa ngati wamuthira madzi otentha. Ndiye mkazi uyu, wa miyezi inayi yokha?

Belu litalira Shingai anatuluka naye atagwirana manja. "Lero waswera bwino kwambiri, amake Luke. Mwana wanga ameneyu akulimbikira."

Mwana wanga. Aphunzitsi onse amatero, Glory ankadziwa. Koma mawuwo anayenda naye njira yonse mpaka kunyumba, ndipo atafika anapeza kuti wamugwira Luke dzanja mwamphamvu moti mwanayo ankafuna kulisolola.

Kunyumba nako zinthu zinkangowonjezera. Davide ankagwira ntchito kufakitale yopanga mafelemu a mawindo ku Kya Sand. Ankanyamuka kusanache, kukwera matekisi awiri, n'kubwerako dzuwa litalowa. Kale akafika ankangosamba, kudya, basi. Tsopano asanavule ndi nsapato zomwe ankafunsa kuti kabuku kali kuti. Ankawerenga zolemba za Shingai mokweza, akumwetulira.

"Tamva, Glory. Akuti lero wadikira pamzere mpaka nthawi yake yakwana. Eish, mayi ameneyu Mulungu anamupatsa mphatso. Akuti akayamba kugwedeza zala tizimukulunga m'bulangete."

"Za bulangetezo ndinawauza ndine."

"Inde, koma iwowo amadziwa kachitidwe kake."

Glory anakhazika ketulo pachitofu mwamphamvu moti madzi anatayikira. Nayenso Luke ankazungulira m'chipindamo akubwereza mawu amene anali atawakonda kuposa onse: "Ticha Shingai, Ticha Shingai." Shingai atatumiza zithunzi zoti amate kunyumba, zosonyeza kudzuka, kutsuka mano, kuvala ndi kudya, Glory anaziika pansi pa matiresi. Davide atafunsa, anati khoma ndi la eni nyumba, salola kumatapo zinthu.

Nkhani ya tsitsi inabuka kumapeto kwa mwezi womwewo. Tsitsi la Luke linali litakula mpaka kupotana, ndipo malamulo a sukulu ankafuna kuti anyamata azimeta. Shingai analemba m'kabuku: "Musamumete kaye. Ndayamba kumuzoloweretsa. Sabata ino akungoyang'ana makina ometera ali ozimitsa, sabata yamawa awagwira akulira. Zikayenda bwino ndidzamumeta ndekha kuno, pang'onopang'ono."

"Waona?" anatero Davide. "Mpaka kumeta komwe."

Glory anawerenga mawuwo katatu. Ndi tsitsi lomwe? Tsitsi la mwana wobereka iye akamete munthu wina, kenako Davide adzawerenge mokweza kuti Ticha achita zodabwitsa?

Lamlungu limenelo Davide anaitanidwa kuntchito chifukwa kunali oda yachangu. Glory atabwerako kutchalitchi anamutenga Luke n'kupita naye kwa a Tawakali, bambo wa ku Mangochi amene ankameta anthu m'kachipinda ka malata pafupi ndi siteji ya matekisi. A Tawakali anamuyang'ana mwanayo, amene anali atatseka kale makutu chifukwa cha kulira kwa makina.

"Mayi, uyu si uja anandiswera galasi chaka chatha? Bwanji tidikire abambo ake?"

"Ndine mayi ake. Mumeteni."

Panafunika anthu atatu. Glory anamukhazika pamiyendo n'kumupana manja, bambo wina amene ankadikira kumeta anagwira miyendo, a Tawakali akuthamangitsa makina. Luke anakuwa mpaka mawu anatha, n'kungotsala kupuma wefuwefu. Chifukwa cha kuphiriphitha makina analowa mokhota, ndipo a Tawakali anati palibe kuchitira mwina koma kumeta mpala. Anthu anasonkhana panja kudzaonerera. Glory anatuluka thukuta lili kamukamu, mkono utakandika, koma mumtima akuti: ndamumetetsa ndekha.

Luke sanadye tsiku limenelo. Analowa pansi pa bedi, akudzimenya m'mutu ndi zikhato. Davide atafika madzulo n'kusuzumira, anangoti kukamwa yasa.

"Koma aphunzitsi anati tidikire."

"Aphunzitsi si amene anam'bereka."

Davide anaweramuka. "Chabwino, zachitika. Koma uwalembere zonse m'kabukumo, adziwe mmene alili."

"Ndilemba."

Lolemba m'mawa Luke anadzuka maso ali psuu, zala zikugwedezeka pafupi ndi nkhope asanavale n'komwe. Glory anaona zonsezo, ndipo tanthauzo lake ankalidziwa kuposa wina aliyense. Anamuveka chipewa chaubweya popeza kunali kutayamba kuzizira, n'kutsegula kabuku. Anagwira cholembera nthawi yaitali. Akalemba zoona, Shingai akamulowetsa pansi pa tebulo lija, akamutonthoza, ndipo madzulo m'kabukumu mukhala mawu akuti ndamukhazika mtima pansi. Ayi. Nayenso amuoneko Luke wa pansi pa bedi. Analemba mawu awiri okha: Ali bwino. Anakamusiya pageti osalowa kukapereka moni.

Foni inalira isanakwane 9 koloko.

Zimene zinachitika ndi izi. Lolemba lililonse ana onse a pasukulupo ankasonkhana pabwalo kuimba ndi kumva zolengeza. Luke anali atangoyamba kumene kupita nawo. Shingai ndi amene anachonderera mphunzitsi wamkulu kuti amulole, n'kulonjeza kuti tsiku limene mwanayo sali bwino sadzatuluka naye. M'mawa umenewo anaona zala zikugwedezeka, anakayika, koma atatsegula kabuku n'kupeza kuti ali bwino, anamuika pamzere ndi anzake. Ali pabwalo, mwana wina dzina lake Delight anamuvula Luke chipewa, anaona mpala, n'kufuula kuti "Chiskop!" monga amachitira ana a ku Joni mnzawo akameta mpala, n'kumuwomba pamutu ndi chikhato. Luke anamugwera n'kumuluma pamkono osasiya. Shingai poleretsa anagundidwa ndi mutu pakamwa, mlomo n'kung'ambika. Anthu anamutengera Delight kukiliniki mwachangu, kumene anakamusoka pamkonopo.

M'mawa mwake anakumana mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, mayi wa ku Soweto amene aliyense ankamutchula kuti Mam' Lerato. Davide anajomba kuntchito kuti akhalepo. Amake Delight analankhula ali chiimire, mwaukali, kuti mwana woluma anzake malo ake si pasukulu pano. Shingai anakhala pakona, mlomo utatupa, maso ali pansi.

Mam' Lerato anatsegula kabuku kaja n'kuyang'ana Glory. "Munalemba kuti ali bwino. Kodi kunyumba kunachitika china chilichonse?"

"Tinangomumetetsa basi," anatero Glory. "Sanavute."

Anamva Davide akutembenuka pampando wake, koma sanamuyang'ane. Shingai anadzutsa mutu, anamuyang'ana Glory kamodzi, n'kuweramanso.

"Ndiye mwamva, Ticha," anatero Mam' Lerato. "Ngati mwana amene wadzuka bwinobwino angathe kuchita zimenezi, njira zanu zija sizikugwira ntchito monga mumatiuzira. Munandilonjeza. Muli ndi chonena?"

"Ndinalakwitsa kutuluka naye," anatero Shingai. Mawu ankatuluka movutikira chifukwa cha mlomo uja.

Mam' Lerato anagamula kuti Luke akhale kaye kunyumba mpaka Lachisanu, tsiku limene komiti ya sukulu idzakumane kuti ione ngati angabwererenso. Shingai analandira kalata yomuchenjeza, ndipo anauzidwa kuti komitiyo idzakambirananso za ntchito yake. Glory anamuyang'ana mkazi wamphatso uja atazyolika ngati mwana wogwidwa akuba shuga, ndipo mumtima mwake munadutsa kanthu kotsekemera. Anakamva bwinobwino, ndipo sanakakane.

Anauyamba ulendo wobwerera kunyumba. Anadutsa mashopu a Asomali, anadutsa ogulitsa matimati m'mbali mwa msewu, Davide ali patsogolo, Glory pambuyo. Atalowa m'chipinda anatseka chitseko.

"Wanama, Glory. Pamaso panga."

"Inu mumamuikira kumbuyo chifukwa chiyani? Tsiku ndi tsiku Ticha, Ticha. Mukanakwatira iyeyo bwanji?"

"Mayi ameneyo ndamuonapo kawiri kokha. Lero n'kachitatu."

"Nanga kabukuko mumakawerengeranji ngati kalata ya chibwenzi?"

"Chifukwa ndi mokhamo mmene ndimamvera kuti mwana wanga waswera bwanji! Ndimachoka ali mtulo, ndimabwera atatopa. Ndikakufunsa umangoti ali bwino. Ukuyesa ine sizindiwawa kuti nonse awiri mumamudziwa, ine ndimangowerenga?" Anakhala pabedi n'kuvula nsapato imodzi, inayo n'kuiiwala. "Akamuchotsa pamenepaja tipita naye kuti? Unaiwala kuti tinayenda sukulu zingati? Mwana wa mlendo, wosalankhula. Kulikonse ankangoti lembetsani, tidzakuimbirani."

Koma si mawu a Davide amene anamugonjetsa Glory. Anali Luke.

Lachitatu mwanayo anadzuka nthawi yake ya masiku onse, anatenga chikwama, n'kukaima pachitseko. Anaima maola awiri. Kenako anayamba kugunditsa chipumi pachitsekopo. Glory anatenga bulangete kuti amukulunge monga ankachitira kuyambira ali wamng'ono, koma atangoyandikira, Luke anadzipanikiza kukhoma, manja onse awiri ataphimba mutu, maso ali tong'o kuyang'ana manja a mayi ake. Sanakuwe. Anangonjenjemera. Glory anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, mwanayo n'kutsitsa manja pang'ono. Anayandikiranso, manja aja n'kukwereranso kumutu.

Tsiku lonse zinali choncho. Chakudya ankadya pokhapokha Glory akaika mbale pansi n'kupita kukaima panja. Kale mutu wokha ndi umene ankakaniza. Tsopano ankakaniza thupi lonse.

Lachinayi masana, ana ataweruka, Glory anamusiya Luke ndi mayi wa chipinda choyandikana nawo n'kupita kusukulu. Anam'peza Shingai yekha m'kalasi akukweza timipando pamatebulo.

"Aphunzitsi, ndabwera kudzanena zoona. Ndinanama. Tinamugwira anthu atatu pomumeta. Sanadye, anagona pansi pa bedi. Lolemba ndinaona kuti sali bwino, koma ndinalemba dala zija."

Shingai anapitiriza kukweza timipando. Anakweza titatu asanayankhe.

"Ndinadziwa chipewa chitangovuka. Mwana amene sanayambe wagwirapo makina akulira sangamete mpala osavuta."

"Nanga bwanji simunanene mu ofesi muja?"

"Ndikanati mayi ake ndi abodza pamaso pa amake Delight, mukuganiza kuti Luke akanapondanso pano?" Anatembenuka. Maso ake anali ouma. "Mukudziwa kuti inenso ndine mlendo ngati inu nomwe? Ntchito imeneyi ikatha, mapepala anga athera pomwepo. Ndili ndi ana awiri kwathu ku Kadoma amene amadya chifukwa cha kalasi ino. Ndinakulakwirani chiyani, amake Luke?"

Glory anali atakonza mawu ambiri m'njira, koma onse anathawa. Anangotsala ochepa, ndipo anatuluka ngati a mwana.

"Amakulolani kumugwira mutu."

Shingai anatsitsa kampando kamodzi n'kukhalapo.

"Zimenezo? Mayi, zinanditengera masabata khumi ndi imodzi. Ndinayamba ndi chala chimodzi paphewa, iye akuona dzanja likubwera. Ndipo mukudziwa chifukwa chake amandilola? Ine sindimusambitsa. Sindimutsuka mano, sindimumwetsa mankhwala owawa, sindimukokera m'tekisi yodzaza. Zonse zimene amadana nazo zimachokera m'manja mwanu, chifukwa ndinu mayi ake, palibe wina angazichite. Ine ndimalandira mwana wosamba kale, wodya kale, maola asanu, kenako ndimapita kwathu kukagona tulo tosadukiza." Anagwira mlomo wake. "Nanenso ndinalakwa. Zala zija ndinaziona, ndikanakhulupirira maso anga. Ndipo zoti ndidzamumeta ndekha ndinalemba osakufunsani, ngati mwanayo ndi wanga. Ndinkanyada naye, ndinapitirira malire."

Glory anayamba kulira. Shingai sanadzuke kukamutonthoza.

"Musaganize kuti ndakukhululukirani," anatero. "Mwina mtsogolo. Panopa tiyeni kwa Mam' Lerato asanatseke ofesi. Mukanene zomwezi, mwa Chingerezi, ndipo ine sindikumasulirani."

Mam' Lerato anamvetsera mpaka kumapeto, atapinda manja. Anamukalipira Glory ndi mawu amene sanawaiwale, akuti mwana wa eni ali ndi ulusi pamkono chifukwa cha mawu awiri a bodza. Koma Lachisanu komiti inalola kuti Luke abwerere. Anati asapitenso pabwalo Lolemba mpaka teremu ithe, makolo ake akapepese kwa amake Delight, ndipo Glory azibwera m'kalasi Lachinayi lililonse kudzathandiza ndi kuphunzira. Ana onse anauzidwa kuti mutu wa mnzawo si choseweretsa. Komitiyo inachotsa kalata yochenjeza Shingai ija, ngakhale kuti kuyambira pamenepo Mam' Lerato ankalowa m'kalasi mwake kawirikawiri osagogoda.

Kupepesa kuja sikunayende bwino. Amake Delight sanawalowetse m'nyumba. Anamvera ali kuseri kwa geti, anati amva, n'kubwerera. Delight anasamutsidwira kalasi ina.

Panapita masabata atatu Luke asanalole kuti mayi ake amuyandikire. Glory anachita monga anamvera: kubwera kutsogolo kwake, dzanja lili poonekera, chala chimodzi paphewa, n'kuchotsa iye asanakwiye. Masiku ena zinkatheka, masiku ena ayi. Kumutu sanafikeko, ndipo anasiya kuwerengera kuti adzafika liti.

Nsanje sinathe. Lachinayi lililonse ankakhala kumbuyo kwa kalasi akudula mapepala ndi kutsuka makapu a utoto, akuona mwana wake akukoka siketi ya mkazi wina pofuna madzi, iye ali pomwepo. Zinkamubaya monga kale. Chimene chinasintha n'chakuti tsopano ankadziwa dzina la chimene chikumubayacho, ndipo chikafika ankangoluma mano n'kupitiriza kudula mapepala. Iye ndi Shingai ankalankhulana mwaulemu, za ntchito zokhazokha. Madzulo Davide akafika, Glory ankayamba wamufotokozera yekha za tsikulo, zabwino ndi zoipa zomwe.

Mu Seputembala, kuzizira kutatha, sukulu inakonza tsiku la masewera pabwalo la mpingo. Shingai anapempha kuti Luke athamange nawo mpikisano wa ana aang'ono, mtunda waufupi, ndipo Mam' Lerato analola monyinyirika. Anamuphunzitsa masabata awiri: akaona mbendera yatsika, popeza wezulo ankamuopsa, athamange molunjika mpaka kwa munthu amene waima kumapeto.

Funso linali lakuti kumapetoko kuime ndani.

"Muimeko inu," anatero Shingai. "Ndinu mayi ake."

"Wazolowera inu. Akaona ine mwina sathamanga."

Anakankhirana choncho mwaulemu wonyenga mpaka nthawi inakwana, ndipo mapeto ake anaimako onse awiri, motalikirana pang'ono, aliyense akunamizira kuti sakusamala. Glory anapeza kuti wagwada bondo limodzi, manja atatambasula. Atayang'ana kumbali anaona kuti Shingai nayenso wawerama, akuitana ndi zala.

Mbendera inatsika. Ana asanu ananyamuka. Luke anatsala kaye, kenako anayamba kuthamanga mwa njira yakeyake, pa zala za kumapazi, manja akukupiza m'mbali. Anathamanga molunjika ndithu, osatuluka mumzere wake. Makolo ena anayamba kuwomba m'manja. Anayandikira, anayandikira, n'kudutsa pakati pa amayi awiriwo osayang'ana aliyense.

Kumbuyo kwawo, chapatali pang'ono, a Suwedi, bambo wachikulire wosamalira bwalolo, ankakankha kangolo kojambulira mizere ya laimu pokonzekera mpikisano wotsatira. Luke anakaima pambali pawo, maso ali pa gudumu limene linkazungulira likusiya mzere woyera pa udzu. Anagwira dzanja la mkuluyo, munthu amene anali asanamuonepo chibadwire, n'kulikankha kuti apitirize. A Suwedi anaseka, anamupatsa mbali imodzi ya chogwirira, n'kuyamba kuyenda limodzi.

Amayi awiri aja anatsala manja ali m'malere. Shingai anaweramuka pang'onopang'ono n'kusasa udzu pasiketi.

"Masabata awiri ndikumuphunzitsa," anatero, maso ali kwa a Suwedi. "Chaka chonse ndikuvutika naye. Akathamangire madala a laimu."

Glory anamuyang'ana kumaso. Mphunzitsiyo ankayesa kuseka, koma nkhope yake inali itagwa zenizeni.

"Zimawawa eti?" anatero Glory.

"Eish. Zimawawa."

Anaima pomwepo onse awiri, akuonerera Luke ndi mkulu uja akujambula mzere mpaka kumapeto kwa bwalo. Mzerewo unakhota pang'ono chapakati. Mam' Lerato anatumiza uthenga kuti wina akam'chotse mwanayo mpikisano wina usanayambe, ndipo Shingai anati apita, koma Glory anati ayi, adikire kaye amalize, akam'chotsa pakati pa mzere zivuta. Shingai anavomera kuti n'zoona, ndipo anapita yekha kukapempha Mam' Lerato kuti mpikisanowo uchedwe ndi mphindi zisanu.